Kuchedwa Kuli Pati?

Kompyuta ikayamba kuchedwa, mwini wake amabwera atadziwa kale mankhwala ake. Uyu wauzidwa ku Katondo Street kuti agule nthambo ya SATA III. Uyo wamva kwa mnzake kuti NVMe ndiyo mapeto a mavuto onse. Winanso wanyamula kabokosi ka USB 3.0 kamene wagula ku Town Centre, akufuna ndingomubayira basi. Onsewa akusaka njira yothamanga. Ine ndimakonza makompyuta m'kashopu kanga ku Kanyama, chapafupi ndi msewu wa Los Angeles, ndipo Lamlungu ndimakhala pabenchi la akulu a mpingo mu Reformed Church in Zambia. Ntchito ziwirizi zimandibweretsera anthu a funso limodzi. Wa kushopu amafuna kudziwa chimene makina ake akuchedwera, wa kutchalitchi amafuna kudziwa chimene Mulungu akuchedwera kumuyankha. Ndipo aliyense wa iwo ali naye wina amene wamutchera kale kuti amugulitse nthambo.

Ndiyambe ndi zimene ndimagwira ndi manja, pakuti kumeneko ndingalankhule ndi manambala.

Makompyuta ambiri a padesiki amene amafika m'makomboni mwathu ndi aja timawatcha ex-UK, ma Dell OptiPlex ndi ma HP Compaq amene anatopa kale m'maofesi a kunja. Mukatsegula akalekale, a nthawi ya Pentium 4, mumapeza lamba wotuwa wotambalala wa mabowo 40. Ameneyo ndi IDE, njira imene makampani a Western Digital, Compaq ndi Control Data anayambitsa mu 1986. Inakula pang'onopang'ono: mamegabaiti 33 pa sekondi, kenako 66, kenako 100, nikathera pa 133. Lamba mmodzi ankanyamula madisiki awiri, ndipo imodzi ikamalankhula inzake inkakhala chete. Ukangolakwitsa kuika kajampa kumbuyo kwa disiki, kompyuta inkatha kukana kuwaona onse awiri.

Mu 2003 kunabwera SATA, kanthambo kowonda, kawirikawiri kofiira, disiki iliyonse ndi kakekake. Yoyamba inkanyamula mamegabaiti 150 pa sekondi. Chaka chotsatira inafika 300, ndipo mu 2009 SATA III inafika 600. Pabokosi amalemba 6 Gb/s, nambala imene ogulitsa amaikonda kwambiri, koma amenewo ndi mabiti, ndipo pa mabiti 10 alionse oyenda m'nthambo, 8 okha ndiwo katundu. Awiri enawo ndi olondolera ulendo. Tikawerengera bwino timabwerera pa 600. Kenako mu 2011 kunakhazikitsidwa NVMe, imene sifunanso nthambo: kachipangizo kake kamalowa pabodi penipeni, nkumayenda m'njira za PCIe. Pa PCIe 3.0 imafika 3,500, pa PCIe 4.0 imayandikira 7,000. Kunja kwa bokosi kuli USB. Ya 2.0, imene inatuluka m'chaka cha 2000, imalonjeza mamegabiti 480 koma pogwira ntchito imapereka mamegabaiti 35 kapena kuchepera. Ya 3.0, ya khomo labuluu lija, inabwera mu 2008 ndi liwiro loposa pamenepo kakhumi. Mukandandalika manambalawa, 133, 150, 300, 600, 3,500, 7,000, mtima umanena wokha kuti yankho lapezeka: gula yaikuluyo.

Tsono tsegulani hadi disiki yakufa muone m'kati. Muli timbale tonyezimira, ndi kamkono kamene kamayendayenda pamwamba pake powerenga. Timbaleto timazungulira maulendo 7,200 pa mphindi, kutanthauza 120 pa sekondi, ndipo m'madisiki ena timazungulira 5,400 okha. Disiki ya 250 GB kapena 500 GB ya mtundu umene timaupeza m'makina a ex-UK, ikalimbikira kwenikweni, imatulutsa mamegabaiti 100 mpaka 130 pa sekondi. Ibayeni pa SATA II, nambala ndi yomweyo. Isamutsireni pa SATA III, nambala ndi yomweyo. Ngakhale SATA yoyamba ija ya 150 siidzaza. Mnyamata wa zamkabu amene akukankha wilibala ya matumba a anyezi kuchokera kumsika wa Soweto, mumupatse msewu wa mizere iwiri kapena mumupatse Lumumba Road yonse yekhayekha, adzafika pa nthawi imene miyendo yake yalola. Ndipo kanthambo kolembedwa SATA III kamene munthu walipira mtengo wowirikiza n'kofanana m'kati ndi kamene kanali m'makina mwake kale. Liwiro limagwirizanidwa pakati pa bodi ndi disiki, osati pa chilembo cha papulasitiki.

Koma kuchedwa kumene munthu amakumva, kuja kwakuti wadina Word nkuyamba kuyang'ana kudenga, sikuchokera n'komwe pa manambala amenewa. Windows ikamadzuka siwerenga failo imodzi yaikulu. Imatola tizidutswa masauzande tomwazikana pambale yonse. Pa kachidutswa kalikonse kamkono kaja kayenera kusuntha, nkudikira kuti malo ofunikawo azungulire mpaka afike pansi pake, ndipo zonsezi zimadya mamilisekondi pafupifupi 12. Kwa ife nthawi imeneyi siioneka. Koma purosesa ya 3 GHz imagunda maulendo mabiliyoni atatu pa sekondi. M'mamilisekondi 12 imakhala yagunda maulendo mamiliyoni 36 ili chiimire, yopanda chogwira. Kugunda kulikonse kukanakhala sekondi imodzi, ndiye kuti purosesa ikapempha kanthu kwa disiki imadikira kupitirira chaka chathunthu.

N'chifukwa chake mankhwala enieni a makina ambiri ndi SSD, disiki yopanda chozungulira, imene imayankha m'kagawo kakhumi ka milisekondi. Ndikaiika mu OptiPlex 780, imene bodi yake imathera pa SATA II, SSD ija imatsamwa pa 270 kapena 280 pamene ikanatha kufika 550. Komabe mwini makina amaomba m'manja, chifukwa chaka chodikira chija chasanduka masiku atatu kapena anayi. Njira ndi yakale yomweyo; chasintha ndi chimene chili kumapeto kwa njira. Koma amene wachoka pa SSD ya SATA kupita pa NVMe, kuchoka pa 550 kufika 3,500, kawirikawiri amabwerera nkhope itagwa. Kulemba makalata, kudinda ma CV ndi kuonera ana a sukulu zotsatira za mayeso sikunasinthe koti aone. Amene amaona phindu lake ndi anyamata odula mavidiyo a maukwati ndi a chilangamulilo, amene amasuntha mafailo akuluakulu tsiku lonse. Palinso msampha wina: kachipangizo kowonda ka M.2 sikuti nthawi zonse ndi NVMe. Tina ndi SATA yomweyo yovala malaya atsopano, ndipo wogula amazindikira atafika kale kunyumba.

Tsopano yendani nane m'komboni Lachisanu usiku. Kuchokera ku Kanyama kukafika ku Chawama, ku George ndi ku Matero, masipika a ovanaiti amalira mpaka tambala woyamba. Lamlungu makalasi a m'masukulu amasanduka matchalitchi, khomo lililonse mpingo wakewake. Sindinyoza zimenezi. Anthu opemphera usiku wonsewa ndi abale anga, ndipo abusa awo ambiri ndi oona mtima, amagona ndi njala pamodzi ndi nkhosa zawo. Koma pakati pawo pamera malonda. Pazipupa pamamatidwa mapepala olonjeza yankho la msangamsanga: ntchito mwezi uno, ukwati chaka chino, visa pasanathe masiku 7. Pali botolo la mafuta la mtengo wotsika ndi lina la mtengo wokwera. Pali mzere wa anthu wamba, ndi mzere wa ofuna kuonana paokha ndi mneneri amene amamutcha papa, umene uli ndi mtengo wake. Wogulitsayo sanena kuti Mulungu ndi wake, ayi, n'ngochenjera kuposa pamenepo. Amagulitsa njira. Amati pemphero lako likuyenda pa nthambo yakale, ndipo iye ali nayo yatsopano.

Ogulawo si opusa. Munthu wa m'komboni kudikira kumamudyera ndalama. Landilodi sadikira, wa kaloba amawonjezera mwezi ukatha, mwana wotentha thupi sadikira kuti kuche. Mayi wina wa m'chigawo chathu, amene ankadyetsa ana ake pogulitsa mafiriziti, anagulitsa firiji kuti akafese mbewu kwa mneneri wina, cholinga amuna ake aitanidwe kuntchito imene analembera. Ntchito sinabwere. Atabwerera kukafunsa anauzidwa kuti mbewuyo inachepa. Pamene ankandifotokozera sanadandaule za firiji. Anandifunsa kuti, “Ba elder, ndiye kuti ine Mulungu sandimva?” Ichi ndicho chimandiwawa kwambiri pa malonda amenewa. Ndalama imapezeka ina. Koma munthu amachokako atakhulupirira kuti khomo lake kwa Mulungu ndi lopapatiza kuposa la anzake, ndi kuti umphawi wake ndiwo walipapatiza.

Malondawa si a lero. Mu 1517 ku Germany, mlaliki wina dzina lake Johann Tetzel ankayenda m'mizinda ndi makalata amene anthu ankagula kuti abale awo akufa asachedwe m'purigatoriyo. Chimene chinkagulidwa chinali kufupikitsa nthawi yodikira. Martin Luther anatsutsa, ndipo mipingo ngati wathuwu, umene unayambira ku Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, ndi zidzukulu za mkangano umenewo. Abale athu Akatolika nawonso anasesa m'nyumba mwawo: mu 1567 Papa Pius V anathetsa zikhululukiro zonse zokhudzana ndi kupereka ndalama. Chondimvetsa chisoni n'chakuti lero malondawa abwerera kudzera pakhomo la ife amene timanyadira kuti tinawakana.

Nkhani imene imandilimbitsa ili mu Yohane 5. Ku Yerusalemu kunali thamanda lotchedwa Betesda, ndipo m'makonde ake asanu munkagona odwala, kudikira kuti madzi avunduke, pokhulupirira kuti woyamba kulowamo ndiye achire. Unali mpikisano wa liwiro pakati pa anthu osatha kuthamanga. Mmodzi wa iwo anali atadwala zaka 38. Yesu atalankhula naye, iye anafotokoza vuto lake monga ankalionera: analibe womunyamula, ndipo nthawi zonse wina ankamutsogolera kulowa. M'maganizo mwake chosowa chinali munthu wa miyendo yamphamvu. Akanakhala mu Lusaka lero, akanapezeka womulonjeza malo a kutsogolo pa mtengo wakutiwakuti. Yesu sanamunyamule kupita naye kumadzi, sanamusendezere m'mphepete, sanathamangitse amene ankamupitirira. Anamuchiritsa pomwepo pamphasa pake, thamanda lili apo. Njira imene munthuyu anaikirapo maso nthawi yonseyo inalibe gawo pa kuchira kwake. Ndimakhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti palibe nthambo yachiwiri yopita kwa Mulungu. Mayi wa mafiriziti akagwada pasimenti m'chipinda chake cha lendi, amamveka chimodzimodzi ndi bishopu aliyense.

Nanga ngati njira ili bwino, kuchedwa kuli pati? Apa ndi pamene nambala ija ya mamiliyoni 36 imandigwira mtima. M'kompyuta, wothamanga ndiye amadikira. Timaloza chala purosesa kuti yafooka, pamene iyo inamaliza kale mbali yake, ikungodikira kamkono kamene kakusakasaka pambale. Nthawi zambiri ndimaona kuti pakati pa ife ndi Mulungu zili chomwecho, kuti wodikirayo ndi Iye. Buku la Deuteronomo limawerengera ulendo wochoka ku Horebu kukafika ku Kadesi Barinea kuti ndi wa masiku 11. Aisraele anatha zaka 40 m'chipululu, ndipo wosochera sanali Mulungu. Ndikudziwa abale awiri a mimba imodzi amene akulimbirana puloti imene bambo awo anasiya. Onse amabwera kumapemphero, onse amapempha mtendere m'banja, ndipo nyumba zawo n'zoyang'anizana. Palibe amene wafika pakhomo pa mnzake kukanena odi. Yankho la pemphero lawo linaperekedwa kalekale, likudikira miyendo.

Koma chiphunzitso chimenechi ndimachigwira mosamala, chifukwa m'manja olakwika chimasanduka chikoti. Mneneri uja anakwapulira chomwechi: vuto ndiwe, mbewu yako yachepa, chikhulupiriro chako chachepa. Anzake a Yobu analankhula zofananazo m'machaputala ambirimbiri, ndipo pamapeto pake Mulungu anakwiyira iwowo. Wokonza makina amene amaweruza disiki iliyonse kuti ndiyo yolakwa asanayese, n'ngoipa chimodzimodzi ndi wogulitsa nthambo uja. Pakuti nthawi zina vuto limakhaladi m'njira.

Tengani SSD yabwino ija, muiike m'kabokosi, muibaye pakhomo la USB 2.0. Idzakupatsani mamegabaiti 35 basi, ngakhale m'kati mwake muli mphamvu ya 550. Kukopera 100 GB kumatenga mphindi pafupifupi 50, pamene pakhomo labuluu ntchito yomweyo ikanatha m'mphindi zosakwana 10 ngati mbali inayo nayonso ili SSD. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, masiku ena malaiti ankabwera maola atatu okha, mwinanso pakati pa usiku. Pamenepo khomo lakuda kapena labuluu ndilo linkanena ngati ntchito ya kasitomala itha lero kapena tiyambiranso mawa. Disikiyo inalibe mlandu, ndipo kuilalikira kuti ilimbike sikukanathandiza kanthu.

Kanyama wathu wakhala pamwala wa laimu wodzaza ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa, za m'zimbudzi zokumba zimakumana ndi za m'zitsime zosaya. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 inatipeza chomwecho. Mu Januwale 2018 boma linalamula kuti ku Kanyama anthu asayende usiku, misika inatsekedwa, misonkhano ya mapemphero inaimitsidwa m'madera okhudzidwa, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala. Mu Januwale 2024 bwalo lomwelo linadzazanso odwala, masukulu anakhala otseka mpaka mu Febuluwale, ndipo dziko lonse linataya anthu oposa 700. Ndinalowa m'nyumba za ena oferedwa. Amayi amene anataya ana sanali ochepa chikhulupiriro. Ena ndi a Chigwirizano amene saphonya pemphero la m'mamawa. Anapempha moyo wa ana awo, ndipo chimene chinayenera kunyamula yankho chinali paipi ya madzi abwino, ngalande yosatsekeka, botolo la klorini, paketi ya madzi a moyo, ndi msewu woti ambulansi nkudutsa. Mulungu anadzaza madzi mu mtsinje wa Kafue, anapereka nzeru kwa madokotala ndi mainjiniya. Potsamwa panali pakati, pa zimene ife anthu tinayenera kumanga ndi kusamala.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sananame. Koma mwambi umenewu ndaumva ukunenedwa kwa anthu amene atunga pachitsime choipa kuyambira ali ana, lero adzukulu awo akutunga pomwepo, ndipo pamenepo umangokhala chotsekera pakamwa. Dziko lathu linalengezedwa kukhala la Chikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo kuyambira 2015 tili ndi tsiku la 18 Okutobala lopemphera ndi kusala kudya. Ine ndimapemphera tsiku limenelo, sindichita nalo manyazi. Koma ndimaona kuti ndi tchimo kutumiza kumwamba mlandu umene uli patebulo la khansala, m'bajeti ya boma, kapena pakhomo pathu pomwe, ife amene timakhuthula zinyalala m'ngalande usiku. Kuuza mayi woferedwa kuti adikire nthawi ya Mulungu, pamene chachedwa ndi paipi, n'kumunamizira Mulungu.

Vuto n'lakuti kunja kudikira konseku kumaoneka chimodzimodzi: munthu wakhala, dzanja lili patsaya. Pashopu pali lamulo limodzi limene mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito amalidziwa bwino: osatchula mtengo wa chinthu chilichonse tisanayese. Timatsegula Task Manager kuona ngati disiki yakakamira pa 100%. Timayendetsa CrystalDiskMark kuti itiuze liwiro lenileni, CrystalDiskInfo kuti itiuze ngati disiki ikudwala, nkuyang'ana bodi kuti tidziwe khomo lililonse ndi la mtundu wanji. Nthawi zina timapeza kuti disiki ndi nthambo zonse zili bwino, koma RAM ndi ya 2 GB yokha, kapena fumbi la Kanyama latseka fani ndipo purosesa yadzichepetsera liwiro kuti isapse. Fumbi likakhala ndilo vuto, mankhwala ndi bulashi, ndipo kasitomala amabwerera ndi ndalama zake m'thumba. Kuyesa kumadya nthawi, kawirikawiri kumachepetsanso phindu. N'chifukwa chake ambiri sayesa.

Kwa mkulu wa mpingo, kuyesa ndiko kupita kunyumba kwa munthu, kukhala pakampando, nkufunsa mafunso amene sangafunsidwe pamzere wa anthu mazanamazana. Mnyamata akuti ntchito ikumuthawa. Kodi ndi mizimu ya kwawo, kapena pasatifiketi yake ya Giledi 12 masamu analephera, amene angathe kulembanso pa GCE? Mayi akuti akuwonda chifukwa cha afiti. Kodi anapita kukliniki kukayezetsa TB ndi shuga? Banja likuti ndalama sizikhala m'nyumba. Kodi ndi temberero, kapena ndi bambo amene amasiya theka la malipiro pobetcha mpira pafoni? Mafunso otere sachotsa pemphero. Timayamba ndi pemphero, timatseka ndi pemphero. Koma pakati pake timakhala tadziwa chopempha kwa Mulungu, chokafunsa kwa dokotala, chokanena kwa khansala, ndi choti munthuyo akonze yekha asanagone.

Patsala mtundu wina wa kudikira, ndipo kwa umenewu zida zanga zonse ndimaziika pansi. M'chigawo chathu muli banja limene lakhala zaka zambiri lopanda mwana. Anapita kuchipatala, onse awiri anayezedwa, madokotala sanapeze chotchinga. Amakondana, sasungira munthu chakukhosi, amapemphera. Njira ili bwino, iwonso ali bwino, koma yankho silinafike. Apa fanizo la kompyuta limatha, ndipo liyenera kutha, pakuti Mulungu si chipangizo cha m'bokosi chimene chimayankha ukachibaya pakhomo loyenera. Ali ndi chifuniro chake. Abrahamu anamva lonjezo ali ndi zaka 75, ananyamula Isake ali ndi zaka 100. Yesu atamva kuti Lazaro akudwala anakhalabe masiku ena awiri kumene anali, nafika mnzakeyo atagona m'manda masiku anayi. Marita ndi Mariya, aliyense pa nthawi yake, anamuuza pamaso kuti wachedwa. Chimene ndimagwiritsitsa m'nkhaniyi n'chakuti sanawadzudzule chifukwa cha mawu amenewo, sanawasakire tchimo lobisika, ndipo asanaitane wakufayo analira nawo. Munthu angathe kuuza Mulungu kuti wachedwa, nakhalabe mwana wa m'nyumba. Banja limeneli lili ndi ufulu umenewo, ndipo ife a mpingo tilibe ufulu woliuza kuti likhale chete.

Mwezi watha bambo a banjali anabwera kushopu ndi kompyuta ya kuntchito kwawo. Pamene tinkadikira kuti mafailo asamukire pa SSD, anandifunsa motsitsa mawu: “Ba elder, akazi anga amva za papa wina ku Chawama. Akuti miyezi itatu basi. Tipite?” Ndinawauza kuti kupemphereredwa sindingawaletse, ndipo kulikonse kumene kuli anthu opempheradi apite. Koma akamva mtengo atembenuke, ndipo wina akayamba kuloza apongozi kapena alamu kuti ndiwo anamanga mimba, atuluke asanamalize kulankhula, chifukwa mabanja ambiri m'komboni muno apasukira pamenepo. Ndinawauzanso kuti abale awo a kumudzi amene akuwakakamiza kutenga mkazi wina, ndidzalankhula nawo ine pamodzi ndi abusa, abalewo akadzabwera pa Khirisimasi. Wamkulu mwa ana awiri a malemu mlongo wawo, amene banjali likulera, akulowa sekondale mu Januwale, ndipo chigawo chagwirizana kusonkha za yunifomu ndi nsapato. Ngalande ya kuseri kwa tchalitchi tiifukula Loweruka loyamba la Novembala, mvula isanayambe, ndipo bambowo analembetsa kuti adzabwera ndi fosholo yawo.